Za mpweya wa matayala pa ulendo wa ku Marka

Achimwene mwafunsa kuti pikapu yanu ija mukayamba kukapikula chimanga ndi chitowe ku Mozambique muzipopa mpweya wochuluka bwanji. Mwachita bwino kufunsa, ambiri akamayamba geni imeneyi mutu umangokhala pa meticais ndi mapepala a pa boda ya Marka basi, matayala amawakumbukira atagona kale pamsewu.

Tsegulani chitseko cha dalaivala, chapamenepo pamakhala kasitika kolemba mpweya wa kutsogolo ndi wa kumbuyo, yambirani pamenepo. Nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala ija ndi malire ake, si yoti muziyendera tsiku lililonse ayi. Ine ndimayendera matayala a saizi 195R14C a 8 ply (ply ndi muyezo wa kulimba kwa tayala), analemba 65 psi (psi ndi muyezo wa mpweya) ndipo pa mpweya umenewo tayala limodzi limanyamula makilogalamu 950, mukachepetsa mpweya mphamvu yonyamulanso imatsika. Ndiye popita ndilibe kanthu kumbuyo ndimatsitsako, apo ayi galimoto imangodumphadumpha ndipo tayala limadyeka pakati pokha, koma pobwera nditasenza matumba 20 a 50 kg akumbuyo ndimawakweza kufika pafupi ndi 65. A 10 ply aja ena amafika mpaka 80.

Tsono nkhani imene imandiwawa ndi ya dzuwa la kwathu kuno. Mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, phula la M1 kuyambira Nsanje, Bangula mpaka Nchalo osapondeka ndi phazi, ndiye anthu amati phwetsaniko pang'ono lingaphulike. Musamvere zimenezo chonde. Tayala lochepa mpweya likasenza katundu m'mbali mwake mumapindikapindika pozungulira, limatentha mkati mpaka mawaya kulekana ndi labala, ndi limene limaphulika limenelo. Zinandichitikira ine nditangodutsa Ngabu, ndinaima masana kuyeza ndikupeza geji yakwera, ndinachita mantha nkuphwetsa, sitinapite patali lakumbuyo kumanzere linangoti phuu! Nditatsika ndinapeza m'mbali monse mwanyenyeka, labala kununkha ngati likupsa osagwirika ndi dzanja, tinachita kutsitsa theka la matumba kuti jeke ikwanitse kunyamula, dzuwa lili paliwombo mwana wondithandiza thukuta kamukamu.

Mpweya kukwera tayala likatentha ndi mmene zimakhalira, si vuto. Yezani mmamawa galimoto isanayende, kapena itaima maola atatu pamthunzi, ndipo likatentha musaliphwetse.

Gulani geji yanuyanu ndi kapampu kolumikiza ku batire, zokankha tayala ndi phazi nkumati lili bho zija sizithandiza, la 8 ply limaoneka lokhuta ngakhale mpweya utachepa. Mageji ena amawerenga bar osati psi, bar imodzi ndi 14.5 psi, ndiye 65 ija ndi 4.5 bar, muziuza opopawo momveka bwino. Pamchenga mvula ikawononga msewu mutha kutsitsako kuti mudutse pang'onopang'ono, koma mukangofika pa phula bwezerani.

Komanso mpweya sungakupulumutseni ngati mwapakira matumba 30 pa galimoto ya tani imodzi, musanafike nkomwe pa Thabwa kukayamba chitunda cha ku Blantyre masipuling'i akhala atawongoka kale. Sipeya nayonso muziyiyeza limodzi ndi anzake, ipopeni mpweya wa katundu chifukwa nthawi zambiri kumene ikalowe ndi kumbuyo.