Woimba akumveka ngati ali mumgolo: kudutsitsa mawu mu compressor yakunja

Wina mwa owerenga wanditumizira imelo. Akuti anagula compressor (chipangizo chochepetsa kusiyana kwa mawu okwera ndi otsika) ndi bokosi la reverb (lopangitsa mawu kumveka ngati ali m'chipinda chachikulu), zipangizo zenizeni zogwira ndi manja osati mapulagini, ndipo akufuna kumazigwiritsa ntchito posakaniza nyimbo mu Reaper, pulogalamu ya pakompyuta yojambulira ndi kusakaniza nyimbo. Zingwe analumikiza, mawu akudutsadi, koma woimba akumveka ngati ali mumgolo. Akatulutsanso nyimbo yonse, ntchito ya compressor sikumveka n'komwe. Akufunsa kuti alakwitsa pati.

Achimwene, mavuto anu ndi awiri, koma tiyambe ndi njira imene mawu amayenda. Amachoka pa track, n'kutulukira pa output yapadera ya interface (bokosi lolowetsa ndi kutulutsa mawu m'kompyuta), tinene output 3, n'kulowa mu compressor, kenako n'kubwerera pa input 3. Ma output 1 ndi 2 asiyireni masipika. Mu Reaper chimene chimagwira ntchitoyi ndi ReaInsert. Logic Pro ili ndi pulagini ya I/O, Cubase ili ndi External FX, pomwe Ableton Live ili ndi External Audio Effect. Compressor muiike pa track ya woimbayo kuti mawu onse adutsemo. Reverb ikhale pa send, njira yapambali yotumizira gawo la mawu, ndipo pabokosipo muitsegule mpaka 100% wet, kuti pabwerere reverb yokha popanda mawu oyambirira.

Tsopano za mgolowo. Ulendo wotuluka ndi kubwerera umatenga nthawi. Buffer (kamulu ka mawu kamene kompyuta imasonkhanitsa kaye isanakadutsitse) ya masampulo 256 pa sample rate ya 48 kHz ndi mamilisekondi opitirira pang'ono 5, ndipo mawu amadutsamo potuluka komanso pobwera, kuphatikizapo kanthawi kamene ma converter amadya. Mawu ochedwawa akakumana ndi mawu oyambirira, zina zimafafanizana. Kuchedwa kwa milisekondi imodzi yokha kumadya 500 Hz, 1,500 Hz, 2,500 Hz, kumangokwera choncho, ndipo m'menemo ndi mmene muli thupi la mawu a munthu. Ndiye mgolo mukuumvawo. Ndikukayikira kuti muli ndi track ina ya woimba yemweyo imene sikudutsa kunja, kapena direct monitoring ya interface yanu, imene imatulutsa mawu olowa asanadutse m'kompyuta, ndi yoyatsa. Direct monitoring imeneyi izimitseni kaye, chifukwa ikhozanso kubweza mawu mu compressor n'kuyamba kulira kogonthetsa m'khutu.

Mukatero ikani compressor pa bypass kuti mawu angodutsa osasinthidwa, dinani Ping detect mu ReaInsert, pulogalamuyo iyeze yokha kuchedwako. Ine sindikhutira ndi nambala yokhayo. Ndimajambula ng'oma imodzi ya snare ikubwerera, n'kuiika pansi pa yoyambayo, n'kukulitsa chithunzi mpaka timapiri ta mawu tioneke bwinobwino. Poyambira pakagwirizana, basi zatheka. Mukasintha buffer kapena sample rate, yezaninso. Reverb musavutike nayo kwambiri, kuchedwa pang'ono kumangomveka ngati pre-delay, kanthawi kamene kamadutsa reverb isanayambe kumveka.

Onaninso kumbuyo kwa bokosi lanu. Zipangizo zambiri zili ndi batani la +4 dBu ndi -10 dBV, ndipo kusiyana kwake ndi pafupifupi 12 dB. Likakhala polakwika, mawu amaphwanyika kapena amabwera ofooka ndi phokoso la sss. Zingwe zikhale za TRS kapena XLR.

Vuto lachiwiri ndi losavuta. Kompyuta potulutsa nyimbo imathamanga kuposa mmene nyimboyo imaseweredwera, koma compressor yachitsulo siingathamange nawo. Nyimbo ya mphindi zinayi iyenera kudutsamo mphindi zinayi. Mu Reaper sankhani Online render.

Koma chimene ndingakulimbikitseni kwambiri ndi ichi: mukapeza kamvekedwe kamene kakusangalatsani, jambulani mawu obwererawo pa track yatsopano nthawi yomweyo. Kompyuta siikumbukira pamene munasiya mabatani a bokosi. Zinandionekera ine. Woimba anabwera patatha miyezi iwiri kufuna kuti ndingokweza mawu ake pang'ono, ndipo ndinakhala usiku wonse ndikupotokola mabatani a attack ndi release pa compressor osapezanso kamvekedwe kaja. Zinandiwawa chifukwa nyimboyo inali itakoma kale. Kuyambira pamenepo ndimajambula, ndimasunga track yoyambirira itazimitsidwa, ndipo ndimatola chithunzi cha mabatani pafoni n'kuchiika mu foda ya nyimboyo. Mukajambula woimba, compressor imodzi yomweyo imakhala yamasuka, mukhoza kuipititsa pa bass kapena pa ng'oma.