Poyambira chimangirizo chokopa pa nkhani ya kuchotsa mimba

Mchemwali wanga, ndawerenga funso lanu loti aphunzitsi a ku koleji akupatsani ntchito yolemba chimangirizo chokopa pa nkhani ya kuchotsa mimba, ndipo patha masiku atatu mukungolemba ndi kufufuta ndime yoyamba chifukwa chosowa poyambira. Simunatchule mbali imene mukufuna kuima, ndipo sindikufunsani, pakuti zimene ndikuuzenizi zimathandiza mbali zonse ziwiri. Ndaphunzitsa kulemba ku sekondale muno mu Lusaka kwa zaka zambiri, ndipo ndaona mutu umenewu ukugwetsa ngakhale ana anzeru kwambiri, osati chifukwa chosowa mfundo, koma chifukwa chothamangitsa wowerenga ndi chiganizo choyamba chenichenicho.

Munthu amene mukumulembera si amene akugwirizana nanu kale, chifukwa ameneyo safunika kukopedwa. Mukulembera amene akukayika, ndiponso amene akutsutsana nanu, ndipo pa nkhani ngati iyi pafupifupi aliyense amafika atamanga kale mtima. Mukayamba ndi mawu akuti "Kuchotsa mimba ndi kupha," kapena akuti "Thupi la mkazi ndi lake yekha," theka la owerenga lidzawomba m'manja ndipo theka linalo lidzatseka makutu, chikhalirecho amene atseka makutuwo ndi amene mumawafuna. Kumbukirani mmene ankhoswe amafikira pakhomo la eni ndi nkhani yolemera. Sayambira pachipata kutchula mlandu. Amapanga odi, amalandira mpando, amalonjerana ndi eni nyumba, ndipo nkhani imatuluka onse atakhazikika. Ndime yoyamba ndi odi wanu, ndipo ntchito yake ndi yoti wowerenga akupatseni mpando.

Njira imene ndimaikhulupirira kuposa zonse ndi yoyamba ndi chinthu choona chimene wowerenga amaganiza kuti akuchidziwa pamene sakuchidziwa, ndipo kuno ku Zambia chinthu chimenecho ndi lamulo lathu lomwe. Mutafunsa anthu a m'minibasi yopita ku Matero kapena amayi ogulitsa ku msika wa Soweto, ambiri angakuuzeni kuti kuchotsa mimba n'koletsedwa kotheratu m'dziko muno. Si zoona. Kuyambira mu 1972 tili ndi lamulo lotchedwa Termination of Pregnancy Act, lomwe limalola dokotala kuchotsa mimba m'chipatala ngati moyo wa mayi uli pachiswe, ngati mimbayo ingawononge thanzi lake la m'thupi kapena la m'maganizo, ngati ingawononge thanzi la ana amene ali nawo kale, kapena ngati pali chiopsezo chachikulu choti mwanayo adzabadwa ndi ulumali waukulu. Lamulo lomwelo limafuna kuti madokotala atatu avomereze, mmodzi mwa iwo akhale katswiri, kupatula pamene zinthu zafika poti moyo wa mayi uyenera kupulumutsidwa mwachangu, pamene dokotala mmodzi amakwanira. Mu 2005 Nyumba ya Malamulo inasinthanso malamulo a zilango kuti mtsikana wamng'ono amene watenga mimba chifukwa chogwiriridwa athandizidwe motsatira lamulo la 1972 lija.

Ubwino wa poyambira pamenepa ndi woti palibe angakutsutseni, ndipo wowerenga akangoona kuti mwamuphunzitsa kanthu, amafuna kumva zambiri. Taonani mmene mbali iliyonse ingagwiritsire ntchito nthaka yomweyi. Wotsutsa kuchotsa mimba angalembe kuti: "Malamulo oyendetsera dziko lathu, pa gawo 12, pamene akukamba za ufulu wokhala ndi moyo, amatchula mwana wosabadwa, ndipo amaletsa kumuchotsera moyo kupatula monga mmene lamulo la Nyumba ya Malamulo laloleza. Ngati dziko linavomereza kale kuti m'mimba muli moyo woyenera kutchulidwa, tiyenera kufunsa ngati khomo limene linatsegulidwa mu 1972 silinakule mopitirira." Wa mbali inayo angalembe kuti: "Kwa zaka zoposa 50 lamulo la Zambia lakhala likulola mayi kuchotsa mimba pa zifukwa zina, koma limafuna madokotala atatu. Mayi wa kumudzi wakutali, kumene kachipatala kapafupi kalibe dokotala ndi mmodzi yemwe, ali ndi ufulu wa papepala chabe." Onse awiri ayamba ndi choonadi, onse aonetsa kumene akulowera, ndipo palibe amene watukwana mnzake.

Palinso mbiri yathu imene ophunzira ambiri amaiiwala. Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza mu Disembala 1991 kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mawuwo analowa m'chiyambi cha malamulo oyendetsera dziko mu 1996, komabe lamulo la 1972 silinafufutidwe. Pa 11 Ogasiti 2016, tsiku lomwelo la chisankho chachikulu, tinavota pa riferendamu yofuna kusintha gawo la ufulu wachibadwidwe m'malamulo oyendetsera dziko, yomwe inali ndi mawu akuti moyo wa munthu umayamba pamene mayi watenga pathupi. Ambiri mwa amene anavota anavomera, koma chiwerengero chawo sichinafike theka la anthu onse oyenera kuvota, choncho kusinthako sikunachitike. Chiganizo chimodzi chonena za tsiku limenelo chimakwanira kuonetsa wowerenga kuti mtsutsowu ndi wathu, ndipo sunathe. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikaona mwana wa ku Chilenje akuyamba chimangirizo chake ndi mlandu wa Roe v. Wade wa ku America wa mu 1973, womwe unapatsa amayi a kumeneko ufulu wochotsa mimba mpaka khoti lalikulu la dzikolo linaugubuduza mu 2022. Nkhaniyo ndi yoona ndipo ingalowe pakati pa chimangirizo, koma ikakhala pakhomo imauza wowerenga kuti mwangokopera za pa intaneti.

Njira ina ndi yoyamba ndi nkhani ya munthu mmodzi. Imagwira mtima kwambiri, koma ndi imene ndimaiopa. Zaka zapitazo mwana wina wa m'kalasi langa anayamba motere, ndipo sindinaiwale: anafotokoza maliro a mtsikana m'komboni ina, azibambo atakhala panja mozungulira moto, azimayi ali m'nyumba pamphasa, aliyense wofika akuuzidwa kuti malemuwo anangodwala mwadzidzidzi, pamene kukhitchini amayi awiri ankanong'onezana zoona zake akuvundula nsima. Sanatchule mawu akuti kuchotsa mimba mpaka chiganizo chachisanu, ndipo pofika pamenepo ndinali nditaika cholembera changa chofiira pansi. Chimene chinapatsa mphamvu ndimeyo ndi kudekha kwake. Sanafotokoze magazi, sanaweruze mtsikanayo kapena makolo ake, anangotionetsa chinsinsi chimene tonse timachidziwa. Mukasankha njira iyi, musatchule dzina kapena chilichonse chimene chingachititse kuti munthu adziwike, chifukwa Lusaka ndi wamng'ono kuposa mmene timaganizira, ndipo banja lofedwa siliyenera kulira kawiri chifukwa cha malikisi anu. Musapekenso nkhani n'kuinena ngati yochitikadi. Ngati ndi chitsanzo chabe, nenani kuti ndi chitsanzo. Dziwaninso kuti wa mbali inayo ali ndi nkhani yake yogwira mtima chimodzimodzi, monga ya mayi amene anauzidwa kuti achotse mimba nakana, ndipo lero mwanayo ndi amene akumusamala. Nkhani imatsegula khomo, koma siyingalowe m'malo mwa mfundo.

Samalani kwambiri ndi mawu amene mukusankha, chifukwa m'chinenero chathu mawuwo amaulula mbali yanu musanaitchule. "Kuchotsa mimba" ndi mawu amene mbali zonse zingawalandire, pamene "kutaya mimba" amamveka ngati chitonzo. "Mwana wosabadwa" ndi "mluza" sizimveka mofanana m'makutu mwa munthu, ndipo "kupita padera" ndi nkhani ina kotheratu, ya mayi amene mimba yachoka yokha, choncho musazisakanize. M'ndime yoyamba gwiritsani ntchito mawu amene wotsutsana nanu sangawakane, ndipo olemerawo muwasunge mpaka mutamanga maziko ake.

Zoyamba ndi tanthauzo la m'dikishonale zisiyeni, palibe amene sadziwa tanthauzo la kuchotsa mimba. Chiwerengero chikhoza kuthandiza, koma pokhapokha mutadziwa amene anachipeza, chaka chake ndi dziko lake. Vesi la m'Baibulo, monga Yeremiya 1:5 limene ambiri amalikonda, limagwira ntchito ngati mukulembera a mumpingo, koma kwa mphunzitsi wa ku koleji liyenera kubwera pambuyo pa mfundo imene ngakhale wosapemphera angaiyeze.

Chiganizo chomaliza cha ndime yoyambayo chinene poyera chimene mukufuna kuti wowerenga avomereze, ndipo chikhale chopapatiza moti mungachiteteze m'masamba amene mwapatsidwa. Kunena kuti kuchotsa mimba n'koipa kapena n'kwabwino ndi katundu woti simungamusenze. Nenani kuti chiwerengero cha madokotala ovomereza chichepetsedwe, kapena kuti zifukwa zololedwa ndi lamulo la 1972 zichepetsedwe, kapena kuti boma liike ndalama zambiri pothandiza atsikana oyembekezera kuti asafike poganiza zochotsa. Mfundo yotere wowerenga angathe kuigwira ndi kuiyeza.

Popeza mwataya kale masiku atatu, ndikupempheni kuti musiye kaye ndime yoyambayo, mulembe thunthu lonse la chimangirizo usiku uno, ndipo mudzabwerere pakhomo mawa mutadziwa bwino zimene zili m'nyumba. Mukailemba, muiwerengere mokweza munthu amene mukudziwa kuti sagwirizana nanu, kaya ndi azakhali anu kapena mnzanu wa m'kalasi, ndipo muyang'ane nkhope yake. Akakudulani mawu musanamalize chiganizo chachiwiri, bwererani mukaikonze, koma akakhala chete mpaka kumapeto n'kuyamba kukutsutsani pa mfundo yeniyeniyo, ndimeyo mukhoza kuipereka kwa aphunzitsi anu.