Chitseko chokhula pansi: yankho kwa wowerenga

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa chifukwa chimene chitseko chomwe anagula zaka ziwiri zapitazo chayambira kukhula pansi, pamene cha m'nyumba ya agogo ake chikutsekekabe bwinobwino. Akufunanso kudziwa ngati kalumikizidwe kamene akalipentala amati mortice and tenon n'kothandizadi, kapena ndi njira yongokwezera mtengo.

Zikomo chifukwa cha funso lanu. Ngakhale chitseko chanucho sindinachione, ndikukayikira m'makona mwake. Kulemera konse kwa chitseko kumakoka mbali imene kulibe mahinji, ndipo ngati matabwa opingasa anangogunditsidwa ku matabwa oimirira n'kukhomedwa ndi misomali, makonawo amayamba kusuntha pang'onopang'ono. Msomali wolowa kumapeto kwa thabwa, motsata mizere yake, sugwira mwamphamvu, ndipo guluu wopakidwa pamenepo amangomwedwa ndi thabwalo.

Pa mortice and tenon, mmisiri amasema lilime kumapeto kwa thabwa lopingasa, n'kuboola bowo la makona anayi m'thabwa loimirira kuti lilimelo lilowemo ndendende. Lamulo lakale n'lakuti lilime likhale gawo limodzi mwa magawo atatu a kuchindikala kwa thabwa, choncho pa chitseko cha mamilimita 45 lilime limakhala la mamilimita pafupifupi 15. Likapyapyala limathyoka, likanenepa limafooketsa makoma a bowo. Njirayi si yadzana ayi, chifukwa ngakhale bwato la Khufu, mfumu yakale ya ku Egypt, limene linakwiriridwa ku Giza m'dzikolo zaka pafupifupi 4,500 zapitazo, lili ndi matabwa olumikizidwa ndi malilime otere.

Koma chimene ine ndimayang'ana kwambiri ndi mapewa, kutanthauza malo osemedwa m'mbali mwa lilime amene amagunda thabwa loimirira. Mapewawo akadulidwa mowongoka n'kukhala pathabwa popanda mpata, chitseko sichingapendekeke, pakuti kuti kona isunthe pamafunika kuti mtengo weniweniwo uphwanyike. Mmisiri amene amasiya mpata n'kuutseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu wabisa vuto limene lidzaonekere mvula ikangodutsa kawiri. Lilime labwino limalowa pokankha ndi manja kapena pomenya pang'ono chabe. Lolowa mokakamiza limang'amba thabwa, ndipo logwedera silingapulumutsidwe ndi guluu.

Pa zitseko zakunja, lilime limabooleza mpaka kuonekera mbali ina, kenaka amakhomeramo tizikhomo tiwiri tosongoka kuti lithine ndipo lisatulukenso. Ena amaboola lilime ndi thabwa loimirira mosemphanitsa mabowo ndi milimita imodzi kapena ziwiri, kotero kuti chikhomo chikamalowa chimakoka mapewa kuti agwirane, ngakhale popanda guluu. Thabwa lapansi, poti limakhala lalikulu, limapatsidwa malilime awiri m'malo mwa limodzi lalikulu, chifukwa mtengo umafufuma ndi kunyala m'lifupi, osati m'litali. Pa chifukwa chomwechi, matabwa apakati pa chitseko amangolowetsedwa m'ngalande popanda kumata, kuti azitha kusuntha osang'ambika.

Pa mawindo mfundo ndi yomweyi, kungoti mdani wamkulu ndi madzi, amene amalowera kumapeto kwa lilime ngati sipanapakidwe penti mokwanira, ndipo felemu ikapendekeka galasi ndi limene limayamba kusweka.

Tsono mukamadzagula chitseko china, chioneni chisanapakidwe penti. Yang'anani m'mphepete mwa thabwa loimirira ngati mukuoneka mapeto a lilime ndi tizikhomo take. Ngati mmisiriyo akuti lilime ndi lobisika, zimene n'zololeka pa zitseko za m'kati mwa nyumba, m'pempheni kuti akuonetseni zidutswazo asanamate. Za chitseko chanu chapanochi, yambani mwaona ngati mahinji sanakhwefuke, chifukwa nawonso amagwetsa chitseko. Koma ngati mpata watseguka m'makona, kupala pansi pake kungokuthandizani kwa miyezi yochepa.