Chifukwa chake mikanjo inasiya kuvalidwa wamba

Mwafunsa, achimwene, chifukwa chimene mkanjo wopanda manja, wongofunda pamapewa, unasiyira kuvalidwa tsiku ndi tsiku. Ine ndikuona kuti chachikulu ndi kusintha kwa kayendedwe ka anthu. Ku Ulaya chovala chimenechi chinkathandiza wokwera pahatchi, popeza chinkamutchinga ku mvula ndi mphepo mpaka m'mawondo, ndipo usiku chinkasanduka chofunda. Sitima ndi galimoto zitafala, nsalu yolendewerayo inangokhala chopinga pazitseko, komanso makina osokera, monga a Isaac Singer a mu 1851, anatsitsa mtengo wa jekete ya mabatani, imene siivutitsa munthu pogwira ntchito.

Tangoganizani munthu wovala mkanjo akukwera minibasi ya ku Ndirande m'nyengo ya chiperoni, kondakitala akumupanikiza pampando, mpendero wa nsaluyo utatsala panja m'matope! Juzi ya pakaunjika ku Limbe imachotsa kuzizira komweko pa mtengo wochepa, ndipo ndi yosavuta kuchapa.

Masiku ano mikanjo yangotsalira pamiyambo: oweruza a Khoti Lalikulu ku Chichiri amaivala, chimodzimodzinso ansembe ndi ophunzira a ku yunivesite ya MUBAS pa tsiku lolandira madigiri.