Mwanabere watupa, mkatimo muli chani?

Amai ena a ku Katete anditumizira email ati mwana wawo anabayidwa ndi minga kuphazi, patapita masiku mwanabere watupa m'mphechepeche, manje afuna kudziwa ngati ndi mafinya adzaza mmenemo.

Amai, nthawi zambiri si mafinya ayi, ndi maselo oteteza thupi, ma T cell ndi ma B cell, achulukana. Masiku onse maselowa amangokhala phee osagawikana, asayansi amati ali mu G0, gawo lopuma la selo. Koma selo ikangokumana ndi kachilombo komwe imakadziwa majini ogona amadzuka, puloteni yotchedwa Myc ndiye amafulumira kuiuza kuti idye shuga wambiri ikule, kenako puloteni ina, cyclin D, amagwirana ndi mapuloteni anzake CDK4 ndi CDK6 nkufooketsa Rb, puloteni yomwe inapanikiza E2F, ndipo E2F akamasuka amayatsa majini okopera DNA, uku p27, puloteni yoletsa kugawikana, akuchepa, IL-2, uthenga wouza maselo kuti achulukane, nayo ikukankha. Kugawikana koyamba kumadya tsiku lathunthu kapena kuposa, koma zikayamba ma T cell ena amagawikana pa maola 6 mpaka 8 aliwonse. Kambulu kaja ndi khamu limenelo.

Ine chimandisangalatsa kwambiri ndi mabuleki ake. Selo isanapitirire imaimitsidwa ngati basi pa rodibuloko ya pa mlatho wa Luangwa, DNA ikapezeka yowonongeka puloteni yolondera yotchedwa p53 amaiimitsa kuti ikonzedwe, zikakanika selo imadzipha yokha. Matenda akatha ambiri mwa maselo aja amafa, otsala ochepa chabe ndi okumbukira kachilomboko, nchifukwa chake mwanabere amaphwa.

Vuto ndi pomwe Myc wakana kuzima. Mu khansa ya Burkitt lymphoma, yomwe Denis Burkitt anailongosola ku Uganda mu 1958, jini ya MYC imachoka pa chromosome (mtolo wa DNA) 8 nkukakhala pa 14 pafupi ndi jini ya antibody (puloteni yolimbana ndi tizilombo) yomwe mu B cell simapuma, ndiye selo imangogawikana osaleka. Imakonda ana a madera a malungo ngati kwathu kuno, kachilombo ka Epstein-Barr nako kali momwemo.

Mwanabere wa mwana wanuyo ngati ndi wofewa, wowawa mukakhudza ndipo chilonda chikupola, tsukani chilondacho muziyang'anira. Koma akafiira ndi kutentha thupi, akatha masabata awiri osaphwa, akalimba osawawa, kapena chotupa chikamakula msanga pansagwada kapena m'mimba, musatemere mphini, pitani naye ku kiliniki, TB nayonso imatupitsa anabere ndipo Burkitt imamva mankhwala mukafulumira.