Yankho langa kwa amalume pa za mjigo wa ku Chingale

Amalume, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa, netiweki inavuta. Mwafunsa kuti bwanji ku Chingale akumba mjigo mpaka mapaipi kutsala pang'ono kutha osagunda mwala, pomwe kwa achemwali ku Chinamwali makina atangolowa pang'ono anayamba kulira pa thanthwe. Ayi, anthuwo sakukuberani. Pansi pake ndi posiyana.

Mukukumbukira tsiku lija tinaima pafupi ndi Chingwe's Hole, dzenje lija la pamwamba pa phiri la Zomba, n'kumasuzumira kumunsi, Shire akuoneka ngati ulusi? Phompho la m'mphepete mwa phiri lija ndi pomwe nthaka inathyokera. Kalekale, anthu kulibe, dziko linang'aluka, mbali ya kumadzulo, komwe kuli Chingale, n'kumatitimira pang'onopang'ono, phiri n'kutsala m'mwamba, kupitirira mamita 2,000. Kutsidya kwa Shire kulinso ming'alu ina, ndiye pakatipo panakhala ngati bwato lalitali. Ndi chigwa chomwecho muli nyanja ya Malawi, ndipo sichinagone, paja Karonga inagwedezeka mu 2009. Akasupe otentha a ku Liwonde aja nawonso madzi ake amakwera m'ming'alu yotereyi.

Tsopano bwatolo silinakhale lopanda kanthu. Dzinja lililonse mitsinje yotsika m'phiri imakokolola miyala, mchenga ndi matope n'kukazitaya m'menemo, china pamwamba pa chinzake. Thanthwe lilipo ndithu, koma linakwiririka. Ku Chinamwali achemwali akhala pamsana pake penipeni.

Chimene ndikukupemphani ndi ichi, amalume, musachoke pamenepo akamakumba. Paipi iliyonse ikalowa, awuzeni atape zimene zikutulukazo aziike timilu pansi, motsatana. Muzitenga n'kufikisa m'manja. Zikamamata ngati makande, zoterera, pamenepo madzi ndi ochepa, dongo limawaumira. Zikamakhakhala, mchenga waukuluukulu wosakaniza ndi timiyala tobulungira, eya, ndi pomwe kale panadutsa mtsinje, ndipo paipi ya mabowo yolowetsa madzi ija ikhale pamenepo. Kufupi ndi phiri timiyalato timachuluka, mukamayandikira Shire dongo ndiye limakula.

Chinanso, madzi akatuluka mulawe, ndipo ena apite akayezedwe musanalipire ndalama yomaliza, chifukwa m'zigwa zotere madzi okhalitsa m'dongo nthawi zina amakhala a mchere. Ana a kumudziko ndi amene adzamwe madzi amenewa.

Jambulani timiluto mundiponyere pagulu pano, ndiwone madzulo ano.