Mwana wanga waitanidwa ku Lynchburg: kodi dzinali likutanthauza zimene ndamvazi?

Mayi wina walemba kuti mwana wawo wamkazi wapeza malo pa yunivesite ina ku Lynchburg, m'dziko la America. Alamu awo awauza kuti dzinalo likukhudzana ndi mchitidwe wopha anthu akuda popanda kuwaimba mlandu, ndipo mtima wawo suli m'malo. Mwanayo naye akuopa kulitchula molakwika tsiku limene adzacheze pa intaneti ndi akuluakulu a sukuluyo.

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo alamu anuwo sanangopeka. M'Chingerezi mawu akuti lynch amanena za gulu la anthu lomwe lagwira munthu n'kumupha popanda khoti, nkhanza zimene anthu akuda ambiri anachitiridwa ku America ukapolo utatha. Koma mzindawu sunatchulidwe dzina chifukwa cha nkhanzazo. Lynch linali dzina la bambo. John Lynch, ali ndi zaka 17, anayamba kuwolotsa anthu pa mtsinje wa James m'chaka cha 1757, ndipo mu 1786 boma la Virginia, chigawo cha America komwe kuli mzindawu, linavomereza kuti pamalo ake pakhale tauni. Kachidutswa komaliza kaja, burg, kamatanthauza tauni. Choncho Lynchburg ndi tauni ya a Lynch basi, monga momwe kwathu mudzi umatengera dzina la mwini wake. John Lynch anali wa mpingo wa Quaker ndipo anamasula akapolo ake.

Sindikufuna kukubisirani mbali inayo. Mchimwene wake, Charles Lynch, ankagwira ndi kukwapula anthu owaganizira kuti akuthandiza Angerezi pa nkhondo ya ufulu wa America mu 1780, osatsata malamulo a khoti. Akatswiri ambiri a mbiri amati mawu oipa aja anayambira pa dzina la iyeyu. Komanso mzindawu unalemera ndi fodya yemwe ankagwiriridwa ntchito ndi akapolo. Mwana wanu apite akudziwa zonsezi. Koma dzina lokha lisamulepheretse maphunziro. Chimene muyenera kufunsa sukuluyo n'chakuti ili ndi ophunzira angati ochokera ku Africa, amagona kuti, ndiponso ofesi yosamalira ophunzira akunja imawathandiza bwanji akakumana ndi vuto.

Mwina simukudziwanso kuti mzindawu si wachilendo kwa ife. John Chilembwe, yemwe timamukumbukira pa 15 Januwale, anapita ku America ndi mmishonale Joseph Booth mu 1897 ndipo anaphunzira ku Lynchburg komweko, pa sukulu ya ubusa ya anthu akuda a mpingo wa Baptist. Anabwerera mu 1900 n'kuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Sukuluyo ilipobe, dzina lake lero ndi Virginia University of Lynchburg.

Tsopano ndilankhule ndi iwe mwana wanga za katchulidwe. Ife tinazolowera kuika mawu otsegula (a, e, i, o, u) kumapeto kwa chidutswa chilichonse, ndiye lilime limafuna kunena kuti "Linchibegi". Eni ake amalitchula m'zidutswa ziwiri zokha. Choyamba ndi "Linch", ndipo mphamvu yonse ikhale pamenepo; y uja amamveka ngati i wamfupi, osati "ai". Chachiwiri chimayamba ngati mawu achingerezi akuti bird, koma n'kuthera pa g wouma, osawonjezerapo i. Anthu a ku America amamveketsa r wa m'katimo. Usamalenso chilembo choyamba, poti ife l ndi r timawasinthanitsa osazindikira: nsonga ya lilime ikhudze kuseri kwa mano a m'mwamba kuti atuluke L weniweni. Ndipo usatengere Edinburgh ya ku Scotland, yomwe imathera ngati "bra". Lowa pa YouTube, upeze mavidiyo a sukulu yakoyo, umvere, ubwereze, udzijambule mawu pa foni n'kudzimvera wekha. Ukaphonya pang'ono palibe amene angakulande malo, koma munthu wotchula bwino dzina la kumene akupita amaoneka kuti wakonzeka.

Pamene pangakupwetekeni zenizeni ndi pa zolemba. Ku America kuli ma Lynchburg angapo. Ina ili ku Tennessee, katauni kakang'ono kodziwika ndi mowa wa Jack Daniel's. Ina ili ku Ohio. Yanuyi, ya anthu pafupifupi 79,000, ili ku Virginia m'munsi mwa mapiri a Blue Ridge, ndipo pa keyala kapena pa fomu iliyonse muzilemba "Lynchburg, Virginia" kapena "Lynchburg, VA". Pogula tikiti ya ndege, chizindikiro cha bwalo lake ndi LYH.

Mumzinda womwewu mulinso sukulu ziwiri za mayina ofanana kwambiri: University of Lynchburg, yomwe mpaka 2018 inkatchedwa Lynchburg College, ndi Virginia University of Lynchburg ya Chilembwe ija. Ndi sukulu zosiyana, kuwonjezera pa Liberty University ndi Randolph College. Musanatumize ndalama kapena masatifiketi, tengani kalata yoitana mwanayo ndi fomu ya I-20 (chikalata chimene sukulu imapereka chofunsira viza ya maphunziro), muyerekeze dzina la sukulu chilembo ndi chilembo ndi lomwe lili pa akaunti imene akuti mulipireko.